Foni Iime Pamene Pali Maso a Wophunzira

M'mwezi wa Januwale, mvula itadula kwa masiku ambiri, tinapita kukayendera gulu la alimi limene mmodzi wa ophunzira athu akale amalitsogolera kumudzi kwawo. Tinanyamuka ndi mtima wokondwa, pakuti gulu limeneli ndilo linayamba kulandira vidiyo yathu yophunzitsa kakumbidwe ka maenje a gamphani, ndipo tinali titamva kuti mabanja angapo anakumba lima yathunthu potsatira zimene anaona. Titalowa m'munda woyamba tinapeza mizere yowongoka bwino, maenje otalikirana moyenera, ndi mapesi ophimbira nthaka ali m'malo mwake. Koma chimanga chinali chitapinda masamba ngati cha m'munda wina uliwonse. Tinapempha khasu n'kufukula pambali pa phando limodzi. Dothi lofewa linathera pa masentimita ngati 10. Pansi pake panali pouma gwa, ndipo mizu inali itakhotera m'mbali italephera kuboola.

Eni munda, mayi wachikulire wa manja olimba ndi ntchito, anatiyang'ana kwa kanthawi nati: "Aphunzitsi, ife tinakumba monga tinaonera pa foni. Kapena maso athu ndi amene akalamba?"

Madzulo a tsiku lomwelo tinakhala pansi kuoneranso vidiyo ija. Wojambula anaima chilili kuyambira poyamba mpaka pomaliza, foni ili pachifuwa, ikuyang'ana pansi. Munthu akayang'ana dzenje ali pamenepo amaona utali wake ndi m'lifupi mwake, koma kuzama kwake kumabisika, kotero kuti dzenje la masentimita 10 ndi la masentimita 20 amaoneka chimodzimodzi. Muyeso wa kuzama tinautchula kamodzi kokha, pa nthawi imene mphepo inali kuwomba m'foni. Maso a amayi aja analibe vuto. Tinalakwitsa ndife, ndipo cholakwacho chinali pamalo pamene tinaimika foni.

Chifukwa chake tayambira pa kamera

Kulakwa kwa mtundu umenewu kumawawa pathupi. Mizere ikatalikirana masentimita 90, ndipo maenje akatalikirana masentimita 70, hekitala imodzi imalowa maenje oposa 15,800. Lima imodzi ndiye kuti pafupifupi 4,000. Banja limene lakumba maenje 4,000 ndi khasu la Chaka lakhetsa thukuta la milungu yambiri. Ngati maenjewo sanazame masentimita 20, phindu lalikulu la gamphani latayika, lomwe ndi kuswa dothi louma la pansi pamene khasu ndi pulawo zakhala zikulekezera zaka zonsezi, kuti madzi alowe ndi mizu itsike. Ife amene tinaona chilala cha 2024, chimene Boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse kumapeto kwa Febuluwale chaka chomwecho, tikudziwa kuti masentimita ochepa amenewo angasiyanitse khomo lokhala ndi kanthu m'nkhokwe ndi khomo logona ndi njala.

Pali chifukwa chinanso. Mlungu sumatha osalandira pa WhatsApp zithunzi ndi timavidiyo tochokera kwa inu ophunzira athu akale, pamodzi ndi funso lakuti chimanga chadwala chiyani. Kawirikawiri chithunzicho chimaonetsa munda wonse, wojambula ataima m'njira, dzuwa likumuwalira kumaso. Timafunitsitsa kuyankha, koma palibe choona. Kuperewera kwa nayitrojeni kumayambira pa masamba a pansi, chikasu chikuyenda kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wa pakati. Kuperewera kwa potaziyamu kumawaula m'mphepete mwa tsamba. Kuperewera kwa fosifolasi kumafiiritsa mbewu zazing'ono. Matenda a mizere amalemba timizere toduladula totsata mitsempha ya tsamba. Zonsezi, munthu akaima mapazi khumi kutali, zimangooneka ngati chimanga chachikasu.

Komanso ambiri mwa inu tsopano ndinu aphunzitsi m'midzi mwanu, m'makalabu ndi m'mipingo, ndipo foni yasanduka chida chophunzitsira monga chingwe ndi khasu. Chida chilichonse chili ndi kagwiridwe kake. N'chifukwa chake aphunzitsi ndi ophunzira a chaka chino tagwirizana kukonza kavidiyo ka mphindi zinayi kophunzitsa chinthu chimodzi chokha: pamene wojambula ayenera kuima kuti woonera aone chimene chikufunika.

Ntchito yoyamba ndi ya pensulo

Pa milungu iwiri yoyamba palibe amene anatulutsa foni m'thumba. Tinalemba pa bolodi mafunso atatu. Adzaonera ndani? Adzaonera pa chiyani? Akatha kuonera, adzakhoza kuchita chiyani chimene dzulo sankatha?

Adzaonera ndi mlimi amene ali ndi foni ya kamera, kapena amene amabwereka ya mwana wake, ndipo sanaphunzirepo zojambula. Adzaonera pa kagalasi kochepa ngati chikhatho, mwina anthu asanu ataunjikana pansi pa mtengo, galasilo lili ndi ming'alu. Chimene chikuoneka chaching'ono pa kompyuta ya mu ofesi, kumeneko sichidzaoneka n'komwe. Ndipo akatha kuonera, tikufuna kuti adzathe kujambula ntchito imodzi ya kumunda m'njira yoti mnzake aibwereze popanda kufunsa. Mayankho atatuwa anabala chiganizo chimene tinachilemba pamwamba pa bolodi, ndipo chilichonse chosagwirizana nacho tinachichotsa: foni iime pamene pangakhale maso a munthu wophunzira ntchitoyo.

Kenaka tinatenga mapepala n'kuwagawa m'mabokosi. Bokosi lililonse likuimira chigawo chimodzi cha kavidiyoko. M'kati mwake timajambula munthu wa timitengo monga amajambulira ana a sukulu, muvi wosonyeza pamene foni idzaime, mawu amene adzalankhulidwe, ndi masekondi amene chigawocho chidzatenge. Mphindi zinayi ndi masekondi 240, ndipo mabokosi athu 16 ayenera kukwana m'menemo. Mawu amene tinalemba poyamba titawawerenga mokweza, wina atagwira wotchi, anadya mphindi zoposa zisanu ndi ziwiri. Tinadula moni wautali, mbiri ya sukulu yathu, ndi mayina a onse othandiza. Zinatiwawa, koma mlimi amene wagula bandulo ndi ndalama ya tomato wake sanailipire kuti amve mbiri yathu.

Pomaliza tinagawana ntchito, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pali wogwira khasu ndi mpeni, pali wojambula, pali wogwira mapepala amene adzachonge bokosi lililonse likatha, pali wogwira chitenje chotchinga mphepo ndi dzuwa, ndipo pali wolankhula. Wogwira mapepala ndiye mkulu wa onse pa tsikulo. Iye akanena kuti bokosi lachisanu ndi chiwiri silinajambulidwe, palibe wochoka m'munda.

Malo oyamba: patali

Kavidiyoko kadzayamba ndi munda wonse, wojambula ataima patali, kuti woonera adziwe kumene ali. Adzaona kutsetsereka kwa malo, kumene mizere yaloza, mitengo ya msangu imene ili m'mundamo, ndi munthu wa khasu ali pakati. Chigawo chotere chimayankha funso lakuti tili kuti, ndipo masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi amakwanira. Vuto la ambiri a ife ndi lakuti timaima pamenepa mpaka vidiyo kutha, ngati mlendo wochita manyazi kulowa m'bwalo. Patali ndi popereka moni chabe. Phunziro lili pafupi.

Malo achiwiri: pafupi ndi manja

Ntchito ya mlimi ili m'manja, choncho manja adzaze galasi lonse. Tidzaonetsa kuthira manyowa m'dzenje kawiri: koyamba wojambula ali patali n'kukokera chithunzi pafupi ndi zala ziwiri, kachiwiri atayenda ndi mapazi ake kufika pa dzenjepo. Choyambacho chimatuluka chosaoneka bwino ndi chonjenjemera, pakuti mafoni ambiri amene tili nawo sakokera chinthu pafupi. Amangotambasula kachidutswa ka chithunzi chomwecho. Chachiwiricho chimaonetsa ngakhale kukula kwa chitini choyezera.

Pa chigawo chomwechi tidzaphunzitsa zinthu zitatu zing'onozing'ono. Diso la kamera lipukutidwe ndi nsalu yofewa, chifukwa foni ya mlimi imakhala m'thumba limodzi ndi fumbi ndi thukuta. Wojambula agunde ndi chala pagalasi pamene pali chinthu chofunikacho, kuti kamera ichionetse bwino kuposa udzu wa kumbuyo. Ndipo pambali pa chinthu chaching'ono paikidwe china chodziwika kukula kwake, monga bokosi la machesi kapena kobiri ya kwacha imodzi, kuti woonera asamachite kulota ngati mbozi ndi yaikulu ngati chala kapena ngati njere ya mpunga.

Malo achitatu: kumbuyo kwa phewa

Apa tidzagwiritsa ntchito kumezanitsa mango, pakuti ndi ntchito imene imaulula msanga cholakwa cha wojambula. Womezanitsa amasema kanthambi ka mtundu wabwino mbali ziwiri kuti kakhale ngati mphero, amang'amba pakati pa mbande, amalowetsa kanthambiko moti khungwa likumane ndi khungwa ngakhale mbali imodzi, kenaka amakulunga ndi pulasitiki kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Wojambula akaima kutsogolo kwake, zonse zimatembenuka. Dzanja lamanja limaonekera kumanzere kwa woonera, ndipo mpeni umene ukuchoka kwa mwini wake umaoneka ngati ukubwera kwa woonerayo. Mlimi akagwira mpeni wake ayenera kuyamba watembenuza chithunzi chonse m'mutu, ndipo ambiri amasokonezekera pomwepo.

Zaka zimene takhala tikuphunzitsa m'nazale taona kuti ophunzira amene amazungulira n'kukaima kumbuyo kwa mphunzitsi ndi amene amagwira msanga. Palibe amene amawauza kutero. Mtsikana wophunzira kuluka nayenso amakhala m'mbali mwa agogo ake, osati moyang'anizana nawo. Foni ichitenso chimodzimodzi: iime kumbuyo kwa phewa la wogwira ntchito, pamwamba pang'ono, kuti woonera aone manjawo ngati ake. Wojambula asamale kuti phewa kapena chipewa chisatchinge mpeni, ndipo womezanitsayo agwire ntchito pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malo achinayi: pansi penipeni

Ichi ndicho chigawo chimene tili nacho ngongole kwa amayi aja. Kuzama kumaoneka munthu akayang'ana cham'mbali. Tidzakumba dzenje la masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuzama, kenaka tidzagumula khoma lake limodzi kuti m'kati muonekere ngati mkate wodulidwa. Foni idzakhala pansi, yotsamira njerwa, ikuyang'ana khoma lotsalalo. M'dzenjemo tidzaimika kamtengo kolembedwa mzere pa masentimita 20, ndipo kamtengo kena kadzagona pamwamba mopingasa, kuti aliyense aone pamene nthaka yalekezera. Pambali pake padzakhala dzenje la masentimita 10, logumulidwa chimodzimodzi.

Tikadzatha kuonetsa maenje awiriwo cham'mbali, wojambula adzaimirira pang'onopang'ono foni ikujambulabe. Woonera adzaona ndi maso ake kusiyana kuja kukuzimiririka, mpaka maenje awiriwo atafanana. Pamenepo wolankhula sadzanena kanthu kwa masekondi angapo. Tikuganiza kuti amene adzaone zimenezi kamodzi sadzajambulanso dzenje, mzere wa ripa kapena ngalande ataima chilili.

Malo achisanu: pamwamba

Uthenga wa Luka, mutu 19, umatiuza za Zakeyu, amene khamu linamutchinga chifukwa anali wamfupi, ndipo anakwera mumkuyu kuti aone Yesu. Maso ake anali omwewo, anangosintha poima. Zinthu zina za kumunda zimafunanso wojambula akwere. Kutalikirana kwa maenje, kuwongoka kwa mizere ndi kayalidwe ka mapesi zimaoneka bwino munthu ataima pa ngolo kapena pa chulu, chingwe chathu chokhala ndi zizindikiro pa masentimita 70 aliwonse chili chotambasulidwa pansi.

Kuyang'ana kuchokera pamwamba ndikonso kumagwira mbozi ya fall armyworm, imene inalowa m'dziko muno chakumapeto kwa 2016. Mbozi imeneyi imabisala mumtima mwa chimanga, pamene masamba atsopano amatulukira, ndipo imasiya ndowe zonga utuchi. Wojambula cham'mbali amangoona masamba obooka. Foni iyang'ane mumtimamo molunjika, kenaka mbozi itulutsidwe n'kuikidwa pa tsamba. Pamutu pake pali chizindikiro chonga Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli madontho anayi akuda okhala ngati ngodya za bokosi. Chithunzi choonetsa zimenezi chimatithandiza kuyankha tsiku lomwelo.

Nkhope ya munthu

Pamene munthu akulankhula, foni ikhale molingana ndi maso ake. Akagwada, wojambula agwade. Akakhala pa mphasa, wojambula akhale pansi. Kwathu kuno mwana saima chilili akulu atakhala pansi, ndipo kamera isaphwanye mwambo umenewu. Munthu wojambulidwa kuchokera pamwamba amaoneka wochepa ndi wopempha, pamene wojambulidwa kuchokera pansi amaoneka wodzikweza. Mlimi amene akuphunzitsa anzake aoneke monga alili, mnansi wolankhula ndi mnansi.

Chingwe chosadumphidwa

Pali lamulo limene ojambula mafilimu amalisunga, ndipo m'munda wa gamphani ndi losavuta kulimvetsa chifukwa chingwe chili kale pansi. Wojambula akasankha mbali imodzi ya chingwe, akhale mbali yomweyo mpaka ntchito ithe. Angathe kusendera pafupi, kubwerera m'mbuyo, kugwada kapena kukwera pa ngolo, koma asadumphe chingwe. Akadumpha, wokumba amene amalowera kumanja adzaoneka mwadzidzidzi akulowera kumanzere, ndipo woonera adzaganiza kuti wayamba mzere wina kapena wabwerera. Tidzaonetsa cholakwa chimenechi kamodzi, mwachidule.

Tagwirizananso kuti foni idzagwiridwa chogona, osati choimirira, kuyambira bokosi loyamba mpaka lomaliza. Munda ndi wotambalala, manja awiri amafuna malo, ndipo magulu ena amaonera pa TV ya kusukulu kapena ya kutchalitchi. Chigawo chilichonse chidzajambulidwa masekondi osachepera khumi foni ili phee, ngakhale tidzagwiritse ntchito asanu okha, kuti podula tidzakhale ndi potsalira. Ophunzira apanga kale choimikapo foni cha miyendo itatu ya nsungwi, chomangidwa ndi mphira wa tayala. Pamene chimenechi palibe, wojambula atsamiritse zigongono m'nthiti kapena pa bondo, ndipo asamayendetse foni uku ndi uku ngati akuthamangitsa nkhuku.

Dzuwa, mphepo ndi kalendala

Dzuwa likhale kumbuyo kapena cham'mbali kwa wojambula. Likakhala kutsogolo, munthu amasanduka chithunzithunzi chakuda. Masana limaima pamutu, chipewa n'kuphimba nkhope ndi mthunzi, ndipo dothi loyera limathobwa kamera. Tidzajambula pakati pa 7 koloko ndi 9 koloko m'mawa, ndipo chotsala tidzamaliza ikapitirira 15 koloko. Wojambula ayang'anenso mthunzi wake, pakuti dzuwa likakhala kumbuyo kwenikweni mthunziwo umagwera pa ntchito imene akujambula. Kusendera phazi limodzi m'mbali kumathetsa vutoli.

Za mawu taphunzirapo kale ndi misozi. M'munda sitidzalankhula. Mawu tidzawajambula m'chipinda chotseka, madzulo chigayo chitazima, ndipo tidzawalumikiza ndi zithunzi pambuyo pake. Muyeso uliwonse udzamveka kawiri ndipo udzaoneka wolembedwa ndi makala pa katoni, kuti ngakhale woonera pamsika pali phokoso augwire.

Kalendala nayo ili ndi mawu ake. Maenje amakumbidwa bwino tikangokolola, nthaka isanaume kwambiri, choncho tidzajambula kumapeto kwa Meyi. Nthawi imeneyo chimanga cha kumunda chidzakhala chitauma, ndiye chigawo cha mbozi tidzachitengera kudimba. Nyengo yozizira si yabwino kumezanitsa mango, motero tidzagwiritsa ntchito nthambi zophunzirira, ndipo wolankhula adzanena zimenezo poyera kuti wina asathamangire ku nazale yake. Tasankha Lachiwiri ndi Lachitatu, kuti ngati china chalephereka tidzabwereze Lachinayi, ndipo Lachisanu dzuwa lisanalowe zida zonse zidzakhale zitasungidwa, tilandire Sabata ndi mtima umodzi. Mafoni awiri adzatchajidwa dzulo lake pa sola, pakuti malaiti sitingawadalire.

Pamene tinasiyana maganizo

Sizinayende zonse mosalala. Mphunzitsi mnzathu anakana zoti tionetse njira zolakwika, ponena kuti munthu amakumbukira chimene waona, osati chimene wauzidwa, ndipo wina adzatengera cholakwacho. Mfundo yake ndi yoona, ndipo pa vidiyo yophunzitsa kukumba kapena kuthira mankhwala tingaitsate. Koma phunziro la poima kamera limamveka pokhapokha munthu atayerekeza ziwiri. Tinagwirizana kuti cholakwika chidzabwera poyamba, mwachidule, chili ndi mtanda wofiira pakona, ndipo choyenera chidzabwera pambuyo, n'kukhala nthawi yotalikirapo, kuti ndicho chitsale m'maso.

Nkhani imene inatitengera nthawi yaitali inadzutsidwa ndi wophunzira wina wamkazi, amene anafunsa ngati tidzaphunzitsenso kujambula mbewu kuti zizioneka zokongola. Tonse tikudziwa mmene zimachitikira. Foni ikaikidwa pansi n'kuyang'ana kumwamba, chimanga chofika m'chiuno chimaoneka chopitirira mutu. Chitsononkho chikasendezedwa pafupi ndi diso la kamera, chimaoneka chachikulu ngati mkono. Wojambula akasankha mizere iwiri ya pa chulu, munda wonse umaoneka wobiriwira. Palibe mawu abodza amene alankhulidwa, koma woonera wanyengedwa, ndipo mwina adzagula mbewu kapena kusintha kalimidwe chifukwa cha chimene sichinakhaleko. Lamulo lachisanu ndi chinayi la pa Eksodo 20, loletsa umboni wonama, silinapatule umboni wa zithunzi. Choncho bokosi lathu lomaliza lidzanena kuti poonetsa zokolola foni ikhale molingana ndi maso, munthu aime m'mbali mwa mbewu kuti msinkhu wake ukhale muyeso, ndipo mbali yofooka ya munda ionekenso.

Pa chifukwa chomwecho, munthu asajambulidwe asanafunsidwe, ndipo auzidwe kumene vidiyoyo idzapite. Ana asaonetsedwe makolo asanavomere. Vidiyo ikachoka m'foni mwanu simungaiitanenso kuti ibwerere.

Mayeso tisanatumize

Chaka chatha tinaonera vidiyo yathu tokhatokha, tinaombera m'manja, n'kutumiza. Sitinaone cholakwa chifukwa tonse tinkadziwa kale kuzama kwa dzenje, ndipo mutu unadzaza chimene maso sanaone. Ulendo uno kavidiyoko kadzayamba kayesedwa. Tidzapempha anthu atatu amene sanakhale nawo pokonza, mmodzi wa kukhitchini, mmodzi wa kugeti ndi mlimi mmodzi woyandikana nafe, kuti aonere pa foni yaing'ono, koyamba popanda mawu. Kenaka tidzawapatsa foni kuti ajambule mnzawo akukumba dzenje limodzi. Chimene ajambulecho tidzachionetsa kwa munthu wachinayi, tidzam'patsa khasu, ndipo akatha tidzayeza dzenje lake ndi kamtengo kaja. Likapanda kufika pa mzere, tidzabwerera ku mapepala athu.

Kakapambana mayeso, tidzakachepetsa kuti kasadye bandulo yambiri, ndipo tidzakatumiza m'magulu a WhatsApp a ophunzira akale. Amene muli kumene netiweki imavuta, bwerani ndi memori khadi pa tsiku la chionetsero cha kumunda, kapena mudzatengere kwa mnzanu pa Bluetooth. Vidiyo ya gamphani ija tidzaijambulanso mlungu womwewo, ndipo tikupempha onse amene muli ndi yakaleyo kuti muifufute, musaipatsenso wina.

Pempho lathu kwa inu

Musadikire kavidiyoko kuti muyambe. Mukafuna kutifunsa za mbewu yodwala, tumizani zithunzi zitatu: chimodzi cha patali choonetsa mmene vutolo lafalikira m'munda, china cha mbewu yathunthu kuyambira pansi mpaka kunsonga, ndi china cha pafupi choonetsa tsamba, pamwamba ndi kunsi kwake. Ikakhala mbuzi yofooka, jambulani thupi lonse cham'mbali, kenaka tsitsani chikope cha m'munsi n'kujambula m'kati mwake panja powala, pakuti kuyera kwa m'menemo kumasonyeza kuchepa kwa magazi kumene njoka za m'mimba zimabweretsa kawirikawiri. Ndipo amene mwajambulapo ntchito ina anthu n'kuimva molakwika, tilembereni. Mwina bokosi lina likusowa pa mapepala athu.

Kwa amayi aja tinabwererako ndi makhasu pamodzi ndi ophunzira asanu ndi mmodzi, chimanga chawo chitachoka m'munda. Maenje a gamphani ndi okhalitsa, amakumbidwa pamalo omwewo chaka ndi chaka, motero ntchito yawo ya mizere sinapite pachabe. Chofunika ndi kuzamitsa. Tinawapepesa pamaso pa gulu lonse, ndipo tinawapempha kuti pa tsiku lojambula adzagwire khasu ndi iwo. Anavomera, koma anaika lamulo lawo: wojambula akadzaima chilili, adzamukhazika pansi okha.